Phewa la Amake Tedson

Mayi Mariam Sailesi anadziwa kuluka mikeka asanadziwe kulemba dzina lawo. Dzinalo analiphunzira kusukulu ya kwacha ali kale ndi mwana kumsana. Anabadwira ku Mwadzama, anakwatiwa komweko ndi msodzi wina wofatsa dzina lake Issa, ndipo anamuika m'manda komweko, chifuwa chitamudya kwa nthawi yaitali. Ana awiri anapita ali akhanda. Amene anatsala ndi Hamza, ndiye m'mudzi monse ankangowaitana kuti amake Hamza.

Hamza anakulira pa mlaza. Mayi ake ankaudula kudambo, kuuyanika, kuung'amba ndi chikhadabo, kuuviika mu utoto wofiira ndi wobiriwira, kenako kuluka timizere tatitali n'kutisokerera mpaka mkeka utakwana. Mikeka yogonera, yokhalira alendo, yoswalira, yonse inkatuluka m'manja amenewo. Ndi mikeka yomweyo imene inamufikitsa mnyamatayo Folomu 4. Atamaliza anapita ku boma kukaphunzira makompyuta, ndipo anapeza ntchito pa kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope. Ankagwira ndi Suwilanji, mtsikana wa ku Liwaladzi, amene makolo ake anachokera ku Karonga kudzatsata usodzi.

Pofika nthawi imeneyo amake Hamza anali wapampando wa gulu la amayi oluka, lotchedwa Tilukire Limodzi. Mikeka inalipo yambiri, koma ogula ankangokhala omwewo a pamsika, odziwa kunenerera mpaka munthu kutopa. Ndiye Hamza, tsiku lina atabwera kumudzi, anati gululo alipangire webusaiti, anthu a ku Lilongwe ndi a malo ogona alendo aziona ntchito yawo pa foni. Mayi ake sanamvetse zonse, koma anavomera, chifukwa mwanayo akalankhula za zinthu zake nkhope yake inkawala ngati ya bambo ake.

Pa webusaitiyo anaikapo zithunzi, nambala ya foni, ndi vidiyo imodzi. Anaijambula pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo. Amayi anakhala pamzere, aliyense ndi ntchito yake pamiyendo, wapampando pakati. Kumapeto kwenikweni, chakumanja, kunakhala Mayi Benedicta, amake Tedson, chifukwa bondo lawo silipindika ndipo amafuna malo otambasula mwendo. Iwowa anali mnzawo wa amake Hamza kuyambira ali atsikana otunga madzi limodzi. Wina wa kumzikiti, wina wa ku Katolika, koma Idi ankadyera pamodzi, Khirisimasi chimodzimodzi. Pa gulu lonse panalibe wosoka m'mphepete mwa mkeka mwaukhondo ngati amake Tedson, komanso panalibe wa pakamwa pakuthwa ngati iwo.

Pa laputopu ya Hamza vidiyoyo inkaoneka bwinobwino, amayi onse ali mbwee. Pa foni zinali zina. Vidiyo inkakhala yokankhikira kumanzere, mbali ya kumanja n'kupitirira galasi la foni. Amayi enawo ankaoneka, koma amake Tedson kunkangotsala phewa ndi kansonga ka duku.

Woyamba kuona anali Tedson, ali ku Joni komwe amagwira ntchito ya zomangamanga. Anali atasonkhanitsa anzake kuti awaonetse mayi ake, ndiye anzakewo anamuseka. Anaimba foni kumudzi ali wokhumudwa.

Loweruka m'mawa amake Tedson anatulukira pakhomo akukoka mwendo, moni wapatalipatali. Hamza anali atafika dzulo lake, ndipo ankamwa tiyi pakhonde.

"Amake Hamza, ine ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa asanakhale n'komwe pansi. "Mwana wanga waonetsa anzake phewa. Akuti awa ndi amayi anga, phewa! Inu muli pakati ngati mkwatibwi, ine mwanditaya kuthengo."

"Amayi, si dala ayi," anatero Hamza, akuwapatsa mpando. "Vidiyo yeniyeni ili ku Yutubu, ndipo inu mulimo athunthu. Pa webusaiti pangokhala kazenera koonera. Ine kazenerako ndinakayeza pa laputopu, ndinakapatsa mulifupi wosasintha. Foni ndi yopapatiza, ndiye kakusefukira kumanja. A Tedson akanangodina kuti idzaze galasi lonse, akanakuonani."

"Nanga ogula adziwa zodina zakozo? Kusefukirako bwanji sikunasefukire kwa amayi ako?"

Hamza anaseka, ndipo kusekako kunaipitsa zinthu. Amake Tedson ananyamuka, nanena kuti mikeka yawo akaitenga kunyumba yosungira, gulu lizipitirira ndi anthu okhala ndi nkhope. Anachoka osatsanzika.

Amake Hamza anapsa mtima ndi manyazi. Zoti mnzawo wa zaka zonsezi aganize kuti anamubisa dala zinawalasa. Anatembenukira mwana wawo.

"Ukakonze."

"Ndikonza Lolemba, Amayi. Laputopu ndaisiya kushopu. Ndi kanthu kakang'ono."

"Ngati ndi kakang'ono, ukakonze lero. Mawa anthu akupita kutchalitchi, nkhani imeneyi ikafika kumeneko ine ndidutsa pati? Ndinakutuma ine kuti undidanitse ndi anthu?"

Hamza anawayang'ana, napukusa mutu akumwetulira, n'kusiya tiyi wosamaliza. Anati abwera madzulo. Anayenda mpaka kumsewu waukulu, nakwera kabaza wa njinga yamoto wopita ku boma. Ku boma sanafike. Pa kona ina lole inkadutsa minibasi, wa kabaza anathawira kumbali, mchenga unawaterereza, ndipo Hamza anamenyetsa mutu pamwala. Wa kabaza anathyoka mkono basi. Hamza anatsirizika m'galimoto ya munthu wachifundo amene ankathamangira naye kuchipatala.

Uthenga unawapeza amake Hamza akuviika mlaza mu utoto. Amati sanalire nthawi yomweyo. Anapitiriza kutakasa m'chidebemo mpaka mkazi wa shehe anawagwira dzanja n'kuwalanda ndodo yotakasira. Maliro anaikidwa mawa lake. Amuna atanyamula jeneza kupita kumanda, iwo anatsala m'nyumba ndi amayi anzawo, manja adakali ofiira ndi utoto umene sunachoke ndi sopo. Amake Tedson analipo pamaliropo, anatunga madzi ndi bondo lawo lomwelo, anatsuka mbale za anthu onse, koma m'nyumba sanalowe.

Miyezi yotsatira amake Hamza anasiya kuluka. Mlaza umene unali padenga mvula inaupeza, unada n'kuola. Kumisonkhano ya gulu sankapita. Ankaswali, ankaphika pang'ono, ankakhala pakhonde. Anthu ankawauza kuti zonse ndi chifuniro cha Allah, tsiku la munthu likakwana lakwana, ndipo iwo ankavomera ndi mutu, chifukwa ankakhulupiriradi zimenezo. Koma akakhala okha ankangomva mawu awoawo akuti ukakonze lero. Njira ya kwa amake Tedson inamera udzu. Akakumana kuchigayo, wina ankayang'ana uku, wina uko. Panalibe amene anakwiyira mnzake. Aliyense ankangoopa zimene angaone pankhope ya mnzakeyo.

Mvula itatha, mpunga ukupsa m'madambo, kunabwera Suwilanji. Anabweretsa chikwama cha Hamza, jekete lake limene linkakhala pa msomali kushopu, ndi laputopu. Anagwada, napereka zinthuzo, ndipo onse awiri analira kaye. Kenako mtsikanayo ananena kuti pali mayi wina wa malo ogona alendo ku Salima amene wakhala akulemba pa webusaiti kufunsa mikeka, osayankhidwa.

"Ine pasiwedi ndili nayo, Amama," anatero Suwilanji, lilime lake la kumpoto likumveka. "Tinkathandizana. Mukafuna nditseke webusaitiyo, nditseka. Mukafuna ipitirire, ndiziyang'anira."

Amake Hamza anasisita jekete lija.

"Chija anapitira, chinakonzedwa?"

"Ayi, Amama. Sindinafune kugwira popanda inu."

"Ungachikonze pompano?"

"Netiweki ikalola."

"Dikira kaye."

Anamanga chitenje, nadutsa m'munda wa chinangwa mpaka kwa amake Tedson. Anawapeza akusenda mtedza. Sanapereke moni wautali. Anangoti, "Tiyeni kwathu, kwabwera mwana wa kushopu." Amake Tedson anasiya lichero, natenga ndodo yawo, n'kuwatsatira osafunsa kanthu.

Suwilanji anakhala pamkeka, nalumikiza laputopu ku foni yake. Anatsegula tsamba lodzaza timalemba tating'onoting'ono, nasakasaka ndi chala mpaka anapeza pamene Hamza analemba za kazenera ka vidiyo. Ankafotokoza akugwira ntchito, mwina pofuna kuti pasakhale zii.

"Apa anaika nambala ya mulifupi. Ndiye kazenera kamakakamira nambala imeneyi, kaya galasi ndi lalikulu kaya laling'ono. Ndikuchotsa. Ndikukauza kuti kazitambasuka molingana ndi galasi, koma kasapitirire malire. Apa ndikuti msinkhu uzitsatira mulifupi, anthu asaoneke ofinyika. Apa ndikuti mpata wa kumanzere ndi wa kumanja uzikhala wofanana, kuti pa kompyuta yaikulu kazikhala pakati."

Anadina, natenga foni yake, naitsegula webusaitiyo, n'kuwapatsa.

"Yatheka."

"Basi?" anafunsa amake Hamza.

"Basi, Amama."

"Wamaliza?"

Suwilanji anagwedeza mutu, ndipo pomwepo anazindikira chimene mayiwo ankafunsa. Anayang'ana pansi. Madzi amene anamupatsa atafika anali asanamwe n'komwe theka.

"Ndiye mwana wanga anafera timalemba timeneti," anatero amake Hamza, osakweza mawu. "Anandiuza kuti ndi kanthu kakang'ono. Ine ndimayesa akungozemba."

Foni inali m'manja mwawo, ndipo chala chawo chinakhudza galasi mosadziwa, vidiyo n'kuyamba. Inali pakatikati, mbali zonse zokwanira. Amayi onse anaoneka pamzere pansi pa mango. Kumapeto kunali amake Tedson athunthu, mwendo uli tambalale, singano m'manja. Kenako kunamveka mawu a wojambula, amene nkhope yake sinkaoneka: "Amake Tedson, tayang'anani kuno, anthu a ku Lilongwe akuoneni kukongola." Ndipo m'vidiyomo amake Tedson anadzutsa mutu, namuopseza ndi singano, akuseka mpaka duku kupendekeka.

Amake Tedson enieniwo anagwira pakamwa. Anali asanaionepo vidiyoyo mpaka pamenepo. Tsiku lija anangomva za phewa n'kunyamuka.

"Mayo ine," analira. "Mwana ankandisangalatsa, ine n'kubwera kudzamulalatira. Ndikanangokhala phewa, amake Hamza. Phewa linandilakwira chiyani?"

"Munabwera kudzadandaula, ndipo munali ndi chifukwa," anayankha amake Hamza. "Womutuma ndine. Anati Lolemba."

"Ndikanapanda kubwera..."

"Ndikanapanda kumukakamiza. Tizingolandirana chonchi mpaka liti? Sabwerera."

Anakhala pamkekapo akulira, wina atatsamira mnzake, vidiyo n'kufika kumapeto yokha. Suwilanji anatseka laputopu mwakachetechete. Pochoka anafuna kuisiya, koma amake Hamza anakana. Anati iwo alibe nayo ntchito, ipite ikagwire zimene mwiniwake ankaigwiritsa. Jekete ndi limene anasunga.

Upampando amake Hamza anautula pamsonkhano wotsatira, ndipo amayi anasankha amake Tedson, amene anakana kawiri konse asanavomere. Suwilanji anamuyankha mayi wa ku Salima uja, ndipo gululo linaluka mikeka ya zipinda zake zonse. Mpaka lero webusaitiyo ilipo. Mavidiyo awonjezeka, ena a kudambo, ena a utoto, ndipo Suwilanji asanaike iliyonse amayamba waiyesa pa foni yaing'ono yong'aluka galasi imene amasunga m'dilowa.

Amake Hamza anayambiranso kuluka chilimwe chitafika, koma pang'onopang'ono, ndipo maso ayamba kuwavuta. Utoto anausiya, amaluka mikeka yoyera yokha. Pa foni safuna kuonetsedwa chilichonse, ngakhale chithunzi cha mkeka wawo womwe. Ena amati zinawapita, poti amaseka pa zikwati ndipo amapita kumsika. Amene amawadziwa bwino amaona kuti nthawi zina singano imaima m'manja, iwo akuyang'ana poti palibe kanthu, mpaka wina awaitane.

Tsiku lokapereka mikeka ku Salima iwo sanapite nawo. Amake Tedson atabwerako anafikira kwa mnzawoyo, fumbi lili m'miyendo, nakhala pakhonde n'kuyamba kusimba za ulendo: kuti minibasi inadzaza mpaka nkhuku pamiyendo, kuti mayi wa malo ogonawo ndi wamfupi koma wolankhula, kuti mikeka anaiyala pansi anthu n'kumaipondera ndi nsapato. Amake Hamza anamvetsera, nafunsa ngati m'mphepete simunamasuke panjira. Atamva kuti ayi, anakoka mtolo wa mlaza n'kuugawa pawiri, ndipo onse awiri anayamba kung'amba.