Mmene Mpongozi Anayesera Akazi Anga

Kalata yotitumiza kuchipatala cha pa boma ndikadali nayo, m'chikwama chimodzi ndi buku lakuchipatala la akazi anga. Adokotala a chipatala chathu chaching'ono analemba kuti akagonekedwe tsiku lomwelo, chifukwa anali atagwa kawiri, pakamwa pakupotoka. Ife tinapita patatha masiku asanu ndi anayi. Deti ndi chidindo zikuoneka bwinobwino.

Chinatichedwetsa ndi gadiyani. Wodwala wamkazi amafuna mkazi mnzake womusambitsa ndi kumuphikira, koma ana athu aakazi anakwatiwa kutali. Pakhomo panali mpongozi yekha, mkazi wa mwana wathu wamwamuna, amene ankaswera pa TV kuonera sewero la madokotala.

"Abambo, matendawa ndikuwadziwa," anatero iye. "Mayi wina m'sewero ankagwa chonchi. Anamuunika m'makina onse, osapeza kanthu. Ankangofuna kuti ana ake azimunyengerera."

"Apongozi, kalata iyi sinalembedwe ndi TV."

"Dikirani agwenso, ndikuonetsani."

Anagwadi Lachitatu, akuyanika mpunga pamkeka. Mpongoziyo anagwada, n'kukweza mkono wawo pamwamba pa nkhope, n'kuusiya. Akuti dokotala wa m'sewero amatero, poti wonamizira salola dzanja lake kumumenya kumaso. Dzanja linagwera pambali, pafumbi.

"Mwaona? Amayi, dzukani, nkhuku zikutha mpunga!"

Anabwereza katatu, azimayi oyandikana nafe akuseka kuseri kwa mpanda. Akazi anga ankamva zonse, maso ali pa ine. Mwana wathu wamwamunayo atabwera kuchokera kunyanja anangoti, "Bambo, tiyeni tione kaye sabata ino." Ndipo ine, kalata ili m'thumba, ndinadikira.

Atagwa kachinayi ndinapempha galimoto ya mnzanga wa kumzikiti. Ugadiyani ndinauchita ndekha, kuphika phala pakati pa azimayi, iwo akundifunsa ngati kwathu akazi anatha.

Dokotala anawerenga kalata, n'kundiyang'ana. "Agogo, munali kuti masiku onsewa?" Anati ndi sitiroko yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Kugwa koyamba kunali chenjezo, ndipo mbali yakumanja siidzagwiranso ntchito.

Tinabwerera kunyumba akazi anga asakuyankhula. Mpongozi anatichingamira pachipata, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Komatu wa m'sewero uja anachira," anatero.

Lero ndimawadyetsa ndine, ndi supuni. Mpongoziyo akabwera ndi phala, iwo amaluma mano, osatsegula pakamwa mpaka atachoka.