Kalata ya Mizere Inayi

Mng'ono wanga anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pakampani ina yonyamula katundu. Iye sankanyamula kanthu. Ankalemba mapulogalamu a pakompyuta, aja ouza dalaivala aliyense kuti lero katundu wako ndi uyu, ukatule kwakuti. Anzake ankamutcha Dokotala, poti pulogalamu ikadwala onse ankathamangira kwa iye.

Lachiwiri lina anthu khumi ndi awiri anaitanidwa m'chipinda cha misonkhano n'kuuzidwa kuti kampani ikuchepetsa antchito. Pofika masana, iye anali atabweza kiyi ndi laputopu ya kampani. Anapirira miyezi iwiri m'nyumba yake ya lendi. Mwini nyumba atakwezanso lendiyo, anagulitsa mipando ndi firiji n'kubwera kwa ine. Ine ndine telala. Ndinakankhira makina osokera kukona, tinayala matiresi pakati pa nsalu za anthu.

Ankadzuka m'mamawa ngati wapantchito. Ankasesa, kutsuka mbale, kusita zovala zomwe ndasoka, ine osamutuma. Kenako ankakhala pakhonde ndi laputopu yakale, yofa batire, n'kumalemba makalata ofunsira ntchito. Makampani ambiri sankayankha. Ena ankamupatsa mayeso otenga masiku atatu. Iye n'kulemba, bandulo n'kutha, iwo zii.

Koma foni yake sinkapuma. Oimba anali a kuntchito kwakale kuja.

"A Dokotala, pepani kukuvutitsani. Chija chayambanso."

"Chikuti chiyani? Tandiwerengerani. Ayi, pamenepo musakhudze! Tsikani m'munsi."

Theka la ola, nthawi zina ola lathunthu. Akamaliza ankangomuuza kuti Mulungu akudalitseni, basi.

"Iwe," ndinamufunsa tsiku lina ndili ndi mapini pakamwa, "anthuwa anakuchotsa ntchito kapena anangokuchotsera malipiro?"

Anaseka pang'ono. "Achemwali, ndikudikira kalata yondichitira umboni. Bwana akuti alemba. Ndikawakwiyitsa pano, ndani andilembe ntchito popanda kalatayo?"

Bwanayo nthawi zonse ankati mawa. Mawa likafika, ali pamsonkhano.

M'mwezi wachisanu kampani ina yaing'ono inamukonda. Malipiro ake sankafika akale aja, koma anali okwanira kachipinda ndi chakudya. Anamuuza chinthu chimodzi: kalata ya bwana wakale ifike lisanathe Lachisanu, apo ayi atenga wina.

Lolemba anawaimbira bwanawo, foni inangolira. Lachitatu analemba uthenga, iwo anawerenga osayankha. Lachinayi cha m'ma teni foni inalira. Anali bwana mwini wake, mawu ali pamwamba moti ndinkamva zonse ndili pamakina.

"Dokotala, zavuta! Malole makumi awiri angoima pageti, madalaivala sakudziwa kolowera. Tithandize, mwana wanga."

Mng'ono wanga anandiyang'ana. Ine ndinangosiya kupalasa makina. Kenako iye anayankha modekha.

"Ndithandiza, bwana. Koma kalata yanga ibwere kaye."

"Aa, pa nthawi ngati ino? Ndilemba madzulo."

"Ndiye ndidikira madzulowo, bwana."

Anadula foni n'kukhala pamatiresi, nkhope ili m'manja. "Achemwali, ndaononga zonse," anatero.

Sizinathe mphindi zisanu, kalata inalowa. Inali ya mizere inayi: anali wakhama, wodalirika, wosadandaula. Anaiwerenga kawiri, kenako anandilozera pamwamba, pomwe pamakhala deti. Inalembedwa sabata yomwe anachotsedwa ntchito, n'kusainidwa kale. Miyezi isanu yonseyi inali chikhalire m'kompyuta ya bwana.

Sanalire. Anaitumiza kukampani yatsopano ija, n'kutenganso foni.

"Ukuwathandizabe?" ndinafunsa.

"Ndalonjeza. Komanso madalaivala aja amalipidwa akayenda ulendo. Iwo alakwanji?"

Malole ananyamuka isanakwane thwelofu. Lolemba lotsatira iye anakayamba ntchito, atavala siketi yake yakale yomwe ndinachita kuibweza m'chiuno, poti inali itayamba kumuvuka.