Tambala wa Kansalu Kofiira

Ine ndimakonda amuna anzanga. Munthu yekhayo amene ndinamuululira anali mnzanga wa kutchalitchi, mtsikana wobadwira konkuno ku Birmingham. Iyeyo za banja sankazifuna n'komwe, koma makolo ake sankamupatsa mpata wopuma. Mayi anga ku Kasungu nawo foni iliyonse inkathera pa funso limodzi: mpongozi ndimuona liti? Ndiye tsiku lina tikudya ku Stratford Road tinapangana kuti tichite chinkhoswe, tipeze nyumba ku Sparkhill, aliyense chipinda chake, anthu atileke.

Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi msoti. Malume anga, omwe anali nkhoswe yanga, anazungulira Aston yense osapeza nkhuku yamoyo. Anangogula yososola kale ya mufiriji. Akuchikazi nawo anatulukira ndi yotero, ziwirizo zofanana ngati mapasa. Malume sanachite manyazi. Anang'amba kansalu kofiira, n'kumangira yathuyo pakhosi. "Tambala ndi ameneyu," anatero. Holo yonse inafa nalo phwete, ndipo mayi, omwe ankaonera pa foni, analira ndi chimwemwe.

Tinakhala bwinobwino zaka zitatu. Ndikabwera kuchipatala kumene ndimagwira unesi, ndinkamupeza akulemba pa kompyuta, akuseka yekha. Ndinkamuuza zonse, ngakhale za mwamuna wa ku Whitmore Reans amene ndinayamba kukondana naye, ndi mmene tinkasiyirana mpando pakati m'basi kuti Amalawi asatidziwe. Iye ankafunsitsa. Ine ndinkati ndi chikondi cha pachibale, osadziwa kuti ndikudzaza dengu la mwini.

Analemba buku lachingerezi, loseketsa, n'kuliika pa intaneti. M'bukumo mnyamata ndi mtsikana achita ukwati wabodza, mwamunayo n'kukondana ndi mwamuna mnzake. Maina anasintha, mzinda anasintha, nesi anasanduka mphunzitsi. Koma nkhuku ya kansalu kofiira anaisiya momwemo, pamutu woyamba penipeni. Kodi ku Ulaya kuno kuli malume angati amene anamangapo nsalu nkhuku ya mufiriji? Sabata isanathe, bukulo linali pa gulu la pa foni la amayi a kutchalitchi.

Malume anafika Loweruka m'mawa. Anakana mpando, anakana tiyi.

"Mphwanga, tambala ujatu ndinamanga ndine," anatero. "Nanga zinazi, nazonso n'zoona?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anavala chipewa, n'kunena kuti mlongo wawo sangamubisire.

Atatuluka, ndinamufunsa mnzanga uja chifukwa chake sanachotse nkhukuyo.

"But that's the funniest bit!" anatero. Ataona nkhope yanga anayesako Chichewa chake chopotokacho. "Pepa, achimwene. Sindina-thinke. Koma ili ndi happy ending."

Mtima unandiwawa kuposa mmene ukanawawira akanachita dala. Mdani amadziwa chimene akukulanda. Iyeyu anatenga chinsinsi chimene ndinachisunga kuyambira ndili kusekondale, n'kuchiona ngati nthabwala yabwino yoti isatayike.

Ndinasamuka mwezi womwewo. Bukulo ndinaliwerenga mpaka kumapeto, ndipo chondinyansa n'chakuti ndi lokomadi, malo ena ndinaseka. Patsamba lomaliza amuna awiriwo akukwatirana, mayi a mkwati akuvina, akululutira.

Anga ndimawaimbira Lamulungu lililonse ndikaweruka. Foni imaitana mpaka kuduka yokha.