Mtanda wa njereza pakhoma la amayi

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga. Anawerengera amayi anga m'gulu la akufa iwo akupumabe.

Chinali chaka cha chimfine chachikulu chija, nthawi ya chitaganya. Ine sukulu ndinali nditaisiya kale, nditakangana ndi aphunzitsi, ndipo ndinkasenza matumba pasitolo ina pa Nathenje. Alamuwo, poti anali ophunzira, boma linawalemba ntchito yoyenda m'midzi ya kwathu ku Mitundu kuwerenga odwala ndi akufa. Ankayenda panjinga ndi chitini cha njereza. Nyumba ya wodwala ankaijambula kamzere pakhoma, kuti a mankhwala akamadutsa alowemo. Nyumba imene anthu atha ankaiika mtanda.

Uthenga ndinaumva kwa bambo wina wa ngolo. "Iwe, ukadali kuno? Pakhoma la amayi ako pali mtanda." Thumba ndinaliponya pomwepo.

Ndinafika kwathu dzuwa lili paliwombo. Mudzi unali zii. Mtondo sunkamveka, ngakhale utsi kunalibe. Amene anali ndi mphamvu anali atathawira kumadimba. Nkhuku zinkangolowa ndi kutuluka m'nyumba za eni. Ndinayamba kulira maliro ndili m'njira, koma palibe amene anandiyankha, mawu anga okha ndiwo ankabwerera.

Mtandawo ndinaupezadi, njereza itayenderera mpaka pansi. Kenako m'nyumbamo ndinamva kwe, kwe, kwe. Ndinati ndi khoswe. Nditakankha chitseko ndinapeza amayi atagona chafufumimba, akupala pansi pa mtsuko wouma ndi chikho.

Atamwa madzi anandinong'oneza, ine khutu lili pakamwa pawo. "Ndinawamva apongozi, alamu akowo, akuodira. Anaima uko kunkhokwe. Ine nsalu inali itandivuka, mawu osatuluka."

Kwathu mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi ake, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Ndiye alamuwo anaodira ali patali, ataona kuti kuli chete anabwera n'kupaka mtanda, ulendo. A mankhwala atafika anaona mtandawo n'kupitirira. Mayi woyandikana nawo, amene ankawatungira madzi, naye analeka, poti kunkamveka kuti nyumba imene boma laika mtanda ukalowamo akupopa magazi.

Mtandawo ndinaumata ndi dothi. Ndinathamangira a mankhwala aja koma anali atapita kutali. Phala amayi analikana. Madzi okha ndiwo ankapempha, ndipo akamwa ankagwiritsitsa chikhocho osafuna kuchisiya. Anamwalira chili m'manja.

Pamaliro tinali anthu ochepa, ena akutsokomola. Alamu anabwera panjinga yawo, chitini chija chikulendewera, n'kuima pankhokwe pomwe paja. Mtembo unali udakali m'nyumba.

"Alamu, pepani," anatero kwa ine. "Inu mukudziwa mwambo. Ndikanalowa bwanji m'nyumba ya apongozi?"

Mlongo wanga anandigwira mkono, poti amandidziwa. Ndinamukutumula. Sindinawamenye alamuwo ayi, ngakhale manja ankandiyabwa. Ndinamasula chitinicho panjinga, n'kuwagwiritsa m'manja, n'kuwakokera pakhomo ndi malaya.

"Alamu, ulemu wanuwo wawapha amayi ndi ludzu. Lowani muwaone kumaso, manyazi atha tsopano. Mukatuluka mupakenso mtanda wanu uja, lero ndiye simunama."