Umboni Umene Ndinaubweza

Mwana wanga wamkazi anabadwa wosakonda zolankhula. Ali wamng'ono, ukamufunsa ngati wakhuta ankangogwedeza mutu. Bambo ake atamwalira ndiye anatsekeratu pakamwa. Tinachoka ku Nkolokosa, m'nyumba ya kuntchito kwa bambo akewo, n'kukachita lendi ku Chigumula, kanyumba ka zipinda ziwiri, kuseri kuli kadimba ka chimanga. Ine ndinayamba kugulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu. Iye atamaliza sekondale anapeza ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe, kwa banja lina la amwenye obadwira komweko.

Panyumba tinkakhala ngati anthu ongokumana pasiteji ya minibasi. "Mwaswera bwanji amayi?" "Ndaswera, kaya iwe?" Basi, nkhani yathera pomwepo. Ndiye ndinkapemphera. Amayi a kumpingo kwathu timakumana Lachinayi lililonse masana titavala mabulauzi oyera, ndipo pamakhala nthawi yoti aliyense anene chimene akufuna kuti timupempherere. Changa sichinasinthe kwa zaka zitatu: Mulungu atsegule mtima wa mwana wanga.

Kenaka anayamba kugona kwa mnzake ku Kanjedza Loweruka, akuti popeza tsiku limenelo amaweruka mochedwa. Lamulungu lina m'mawa, ndikusita zovala za kutchalitchi, anatulukira pakhomo n'kundikumbatira mwamphamvu mpaka ayironi ndinaisiya pansalu.

"Amayi, ndimakukondani. Mukudziwa kuti ndimakukondani? Taonani manja anuwa, atha chifukwa cha ine."

Anandigwira manjawo n'kumawasisita, misozi ili mbwembwembwe. Maso ake anali aakulu, akuda bii. Kunja kunali chiperoni koma iye thukuta lili kamukamu, nsagwada zikuyenda ngati akutafuna chingamu. Anamwa makapu atatu a madzi ali chiimire. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Koma munthu amene wadikira mawu zaka zambiri, akafika sawafunsa njira imene adzera. Tsiku limenelo tinapita limodzi kutchalitchi, ndipo anaimba, anavina, anakumbatira ngakhale amayi aja amene ankawalambalala kale.

Zitachitika katatu, ndinaimirira Lachinayi pamaso pa amayi onse n'kuchitira umboni. Ndinati pemphero langa layankhidwa, mwana wanga wakhudzidwa, mwala uja wasungunuka. Nthungululu zinalira. Amayi a mlembi, amene amalemba zopempherera m'kope, anadula mzere pa pempho langa ine ndikuona. Kuyambira pamenepo mwana wanga dzina lake linaiwalika, aliyense ankangoti "mwana wa umboni." Amayi ena ankabwera pabenchi langa la tomato kudzandifunsa kuti ndinkasala kudya masiku angati.

Chimene sindinanene mu umboniwo ndi cha Lachiwiri. Lachiwiri akaweruka ankalowa kuchipinda, kutseka katani, kulira chamumtima, chakudya osachikhudza. Ukamuyankhula ankakalipa. Ine ndinkati ndi mdani akulimbana ndi dalitso, ndipo ndinkayenda kuzungulira nyumba ndikudzudzula.

Tsiku lina ndikuchapa jinzi yake ndinapeza kapepala ka pulasitiki m'thumba. Munali timapilisi tinayi, tiwiri tapinki, tiwiri tobiriwira, pamwamba atadindapo kachipewa ka mfumu. Ndinamufunsa. Anati ndi ta m'mimba akakhala kumwezi, anamupatsa mnzake. Ndinatipukuta bwinobwino, ndinatikulunga m'pepala louma kuti tisanyowe, n'kumuikira pansi pa pilo. Ndi manja angawa. Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kubisa nkhope ngakhale ndili ndekha.

Lolemba lina chakumasana foni yanga inalira. Anali amayi a kusitolo kuja, akazi a abwana ake. Anati mwana wakomoka ali pa kauntala, amuthamangitsira kuchipatala m'tauni pa galimoto yawo. Tomato ndinasiyira amayi oyandikana nawo benchi. Minibasi ya tsiku limenelo inaima paliponse, kondakitala akungoti "m'modzi yekha, m'modzi yekha," ine ndikupemphera mokweza mpaka bambo wina anandisunthira.

Ndinawapeza amayiwo pabenchi panja pa wodi, atafunda mpango wakuda kumutu, chikwama cha mwana wanga chili pamiyendo pawo.

"Khalani pansi kaye, mayi," anatero. "Watsitsimuka, amuika diripi. Koma ndikuuzeni ngati mayi mnzanu. Mwana wanu amayeza nsalu bwino kuposa onse m'sitolo muja. Koma Lolemba lililonse manja amanjenjemera, sizasi imamugwa. Wawonda. Ine zimenezi ndinaziona kwa mwana wa mchimwene wanga. Si malungo ayi."

"Mwana wanga ndi wopemphera," ndinayankha, ndipo ndinayankha mwaukali.

"Wa mchimwene wanga uja ankaswali kasanu patsiku," anatero, osakwiya n'komwe.

Adokotala anandiitanira m'kachipinda, mwana atawalola kuti andiuze. Anati timapilisi tija dzina lake ndi ekisitasi, achinyamata amamwa kumapwando kuti azivina osatopa. Anati munthu akamwa amamva kukonda aliyense, amakumbatira ngakhale mlendo, koma thupi limatentha, mtima umathamanga, ndipo pakapita masiku awiri chisoni chimamugwera. Mmene ndinamvera ine, zili ngati kuthyola dimba lonse tsiku limodzi chimanga chili chachiwisi. Umasangalala ndi mondokwa, koma nkhokwe imakhala yopanda kanthu.

Ndinafunsa kuti jekeseni wake alipo? Anati palibe jekeseni kapena pilisi lochotsa chilakolakocho. Anati mankhwala ake ndi kugona, kudya, kutalikirana ndi anzake aja, ndi kumakumana ndi alangizi sabata iliyonse. Chisoni chikapitirira adzamuonanso. Anawonjezera kuti kholo lizibwera nawo kawiri pamwezi. Tsiku la alangiziwo linali Lachinayi masana.

Abwana ake anamupatsa miyezi iwiri yopuma, ntchito anamusungira. Mulungu awadalitse anthu amenewo, sanali achibale athu kapena a mpingo wathu. Ine mayi wake ndi amene ndinalephera. Lachinayi ndinkamukweza minibasi yekha, ine n'kuvala bulauzi yoyera. Amayi atafunsa kuti mwana wa umboni sakuonekatu, ndinati wadwala taifodi. Bodzalo linatuluka mosavuta ngati moni.

Masabata amenewo anali owawa. Sankagona bwino, masana ankangokhala pakhonde maso ali pa chimanga. Phala ankadya masipuni atatu. Foni yake anandipatsa ndisunge chifukwa anzake aja ankaimba. Tsiku lina anaifuna, ndinakana, anaphwanya kapu. Koma anapirira, masabata asanu osamwa. Ine m'malo mothokoza, mtima wanga unkafunafuna mwana wa Lamulungu uja. Uyu wapakhondeyu, wachete ndi wokwiya, ndinkamuona ngati ndi amene wadwala, ndipo wokumbatira uja ndi amene anali bwino. Ndalemba zimenezi chifukwa ndi zoona.

Kumpingo kwathu wina akadwala, amayi amapita kukamuzonda onse pamodzi, atavala yunifolomu, atanyamula shuga ndi sopo. Ndi mwambo wabwino, ine ndalowa nawo m'nyumba zambiri. Amayi a wapampando anandiuza kuti abwera Loweruka masana.

"Amayi, auzeni asabwere," anatero mwana wanga nditamuuza.

"Iwe, amayi a mpingo amabwezedwa? Anthu adzati chiyani?"

"Sindingathe. Adzafuna ndiseke, ndiimbe. Ndilibe mphamvu zimenezo."

"Ola limodzi lokha. Ungosamba, udzole, umwetulireko pang'ono. Usandichititse manyazi."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino amayi."

Loweruka m'mawa anati akufika ku Limbe kukapereka moni kusitolo. Anabwerako amayi aja atatsala pang'ono kufika, n'kulowa kuchipinda. Anafika amayi asanu ndi anayi, ena anakhala pamphasa, nyimbo inayambika. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka, mwana wanga anatuluka akuwala. Anagwada kupereka moni kwa aliyense, kenaka anayamba kuwakumbatira mmodzimmodzi, kuwayamikira maduku, kuwafunsa za adzukulu.

"Aa, taifodi wake uti ameneyu?" anatero amayi a wapampando akuseka. "Ife tavutikiranji kunyamula shuga? Bwezani shuga wathu!"

"Ameneyu akufuna mwamuna basi, si matenda," anatero amayi ena, nyumba yonse n'kufa nalo phwete.

Ine ndinali nditagwira ketulo. Ndinaona maso aja, akuda bii. Ndinaona nsagwada. Ulendo uno ndinkadziwa dzina lake, ndinkadziwanso kumene wapita m'mawa muja, ndi amene wamutuma. Ndinapitiriza kuthira tiyi. Mwana wanga anayambitsa nyimbo ina, ndinaimba nawo. Atandikumbatira pamaso pa onse, mtima wanga unakondwa kaye pang'ono usanachite mantha.

Lachiwiri lotsatira linali loipa kuposa onse. Anati ndi wachabechabe, masabata asanu apita m'madzi, bola akanangofa tsiku lija kusitolo. Sindinapite kukagulitsa. Ndinakhala pakhomo la chipinda chake tsiku lonse, osadzudzula mdani aliyense, poti ndikanayambira pati.

Lachinayi bulauzi yoyera ndinaisiya pamsomali, ndinakwera naye minibasi. Alangizi anali mayi wamng'ono kwa ine, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Sanamukalipire. Anati kugwa kumachitika, masabata asanu aja sanafufutike, chofunika ndi kudziwa chimene chinamugwetsa. Anamufunsa ngati angakonde kundiuza yekha.

Mwana wanga sanandiyang'ane, ankayang'ana zala zake.

"Amayi, tsiku limene munachitira umboni lija, ine ndinali nditaganiza zokuuzani. Ndinali nditayamba kuchita mantha. Ndiye munabwera mukuimba, mukuti mpingo wonse wamva. Ndikanakuuzani bwanji? Paliponse mwana wa umboni, mwana wa umboni. Inu munachitira umboni mapilisi, amayi. Ine weniweni simunandinenepo."

Ndinafuna kudziikira kumbuyo, kunena kuti sindinkadziwa. Koma za Loweruka ndinkadziwa. Ndinangofunsa kuti, "Nanga mawu aja, oti umandikonda, analinso a mapilisi?"

"Mawuwo ndi anga. Kungoti pakamwa panga sipatseguka choncho. Mundilole ndikhale mmene ndililimu."

Alangizi anandiuza kuti mwanayu akufunika nyumba imene angathe kunena kuti lero zandivuta, popanda kuopa kugwetsa munthu. Anati za kumpingo sangandilamule, ndipo ndisanene kanthu kwa anthu popanda chilolezo cha mwini wake. Pobwerera tinatsika ku Limbe n'kuyenda pang'ono. Ndinamufunsa ngati angandilole kukawauza amayi aja.

"Mukanene zanu," anatero. "Zanga mungoti ndi mankhwala, ndipo ndikulandira thandizo. Ndipo dzina lija lithe."

Lachinayi linalo iye anapita kwa alangizi, ine ndinavala yunifolomu. Nthawi ya maumboni itakwana ndinaimirira. Ena anayamba kale kuwomba m'manja poganiza kuti ndabwera ndi za kuchira kwa taifodi. Ndinati, amayi anzanga, ndabwera kudzabweza umboni uja. Ndinati ndinathamangira kulankhula ndisanamvetse. Mwana wanga sanadwale taifodi, ndinakunamizani. Anakodwa m'mankhwala ozunguza bongo, chimwemwe chimene munachiona chinali cha mankhwalawo, ndipo tsiku limene munabwera lija anamwa chifukwa ine ndinamukakamiza kuti akusekerereni. Pano akulandira thandizo. Ndikupempha musamutchulenso mwana wa umboni, ali ndi dzina lake. Ndipo Lachinayi lina simuzindiona.

Kunja kunkamveka ana a sukulu akudutsa. Amayi ena kumbuyo anatsonya, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyo inafika kumsika ine ndisanafike. Amayi a mlembi anatsegula kope lija, anafunafuna tsamba, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye tilembe chiyani, mayi?"

Ndinati, "Lembani kuti mayi wake aphunzire kumva."

Amayi a wapampando anandiperekeza mpaka pageti. Anafunsa ngati angabwerenso kudzamuona. Ndinati ndikamufunsa kaye mwini wake. Mwini wakeyo anati ayi, ndipo ndinakanena ayi yemweyo osamuphimba. Amayi awiri anasiya kundigula tomato. Ena anapitiriza ngati kale, ndipo ndimawathokoza.

Anabwerera kuntchito mvula itayamba. Loweruka amabwera kunyumba, abwana ake anamusinthira nthawi yoweruka. Kwa alangizi anapitabe chaka chathunthu, ine ndikupita nawo masiku anga. Sindinena kuti zatha, pakamwa panga ndinaphunzira kupagwira. Ndimangothokoza Mulungu tsiku lililonse palokha, chamumtima.

Loweruka lina m'mawa, patapita miyezi, ndinali nditasenza kale dengu kuti ndizipita kumsewu. Iye anali pakhonde, sanasambe, tiyi atazizira m'kapu.

"Amayi," anatero, "mnzanga wa ku Kanjedza uja anandipeza kusitolo dzulo. Akuti kuli phwando lero. Mtima ukufuna kupita. Lero zandivuta, musachoke."

Ndinatula dengu. Tomato wa tsiku limenelo anali wakupsa kwambiri, ndinadziwa kuti ena safika mawa. Ndinakatenga mpando wina m'nyumba n'kukhala pambali pake.