Tsiku Limene Tadala Anayenera Kusambira

Tinanyamuka ku Ludzi Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa lisanatuluke koma thukuta litayamba kale. Tinalipo anayi: ine, mayi a ana, mwana wathu woyamba Tadala, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wake Yankho wa zaka zinayi. Ulendo unali wa ku Lilongwe, ndipo ndinaukonza monga mmene mphunzitsi amakonzera phunziro: m'mawa kukaona nyama, masana kukasambira kumalo aja okhala ndi maiwe a ana ndi zotsetserekapo zogwera m'madzi, madzulo kubwerera kwathu.

Ulendowu unali lonjezo. Tadala anaona kanema pa foni, mnzake wina, mwana wa anamwino a kuchipatala, akutsetsereka n'kukagwera m'madzi khuvu! Kuyambira tsiku limenelo kunyumba sitinapume. Ndinamuuza kuti akakhoza mayeso opita Sitandade 2 ndidzamutenga. Iye anakhoza mu Julaye. Ine n'kuyamba nyimbo zathu za abambo: mwezi wamawa, tikalandira, tithane kaye ndi za feteleza. Tsiku lina ndinamumva kuseri kwa nyumba akuuza mnzake uja kuti, "Adadi anga amangonena." Mawu amenewo anandilasa mumtima. Ndinauza mayi ake tsiku lomwelo kuti Loweruka tikupita, zivute zitani.

Kungoti ulendo wa ku tauni subisika pamudzi. Tikutseka chitseko, tinapeza apongozi anga ataima pabwalo, pambali pawo pali thumba la mtedza, m'khwapa muli tambala womangidwa miyendo ndi luzi. Anayankhula akuyang'ana mwana wawo, koma mawu akulunjika kwa ine.

"Ndamva muli pa ulendo. Mungodutsa pa Chinsapo, mukawasiyire akulu anga timtedzati ndi kankhukuka. Si pomwepo kodi?"

Kwa apongozi anga, Lilongwe yense ndi mudzi umodzi, ukaima pachulu umaona nyumba zonse. Mayi a Tadala anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndikane. Koma ine kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndine mkamwini, ndipo munda umene ndimadyapo ndi wa apongozi omwewa. Ndinapinda mawondo pang'ono n'kuti, "Palibe vuto, amayi."

Njinga zamoto ziwiri zinatifikitsa pa tala, iliyonse K2,000, fumbi lili kobo m'mbuyo mwathu. Minibasi yochokera ku boma la Mchinji inafika itadzaza kale, koma kondakitala analumbira kuti muli malo a anthu anayi. Anatitchaja K8,000 munthu wamkulu, kenako n'kugwedeza thumba lija ndi phazi.

"Madala, uyu alipira ngati munthu."

"Nanga tambalayu?" ndinafunsa.

"Ameneyo ndi mwana, akhale pamiyendo."

Choncho ine ndinanyamula Yankho mwendo uno, tambala mwendo uwo, ndipo awiriwo anayang'anitsitsana mpaka ku Waliranji. Pafupi nane panakhala mayi wina wa geni wochokera ku Chipata, atakumbatira chikwama cha zitenje. Titawoloka mlatho wa Bua anandifunsa, "Muyenda kuti na bana?"

"Tikukasambira ku Lilongwe."

"Kulipira ndalama kuti musambe? Manje Bua iyi tapita ni ya mahala!"

Minibasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka nawo. Tadala yekha sanaseke. Anawafotokozera mayiwo mwaulemu kuti ku Bua kulibe chotsetserekapo.

Pa Namitete tinaima nthawi yaitali kudikira anthu amene kondakitala yekha ndiye ankawaona. Ndinagula mazira owiritsa ndi zitumbuwa pawindo. Yankho anadya zake n'kudyanso za Tadala, chifukwa iye anakana. Akuti mnzake uja anamuuza kuti munthu akakhuta amamira. Tinamunyengerera, koma anangotseka pakamwa n'kupukusa mutu. Tinadutsa Msundwe ndi Mpingu iye atagunditsa mphumi pagalasi.

Mu tauni tinafika cha m'ma naini koloko, ndipo mtima wanga unali m'malo. Ndinawerengera kuti ku Chinsapo n'kongoponya katundu pakhomo, kupereka moni, n'kutembenuka. Tinakwera minibasi ina ya ku Likuni. Apongozi anali atatilongosolera kuti nyumbayo ili pafupi ndi chigayo, ya geti lobiriwira. Ku Chinsapo zigayo n'zambiri, ndipo geti lija analipenta lakuda chaka chatha. Ndinazungulira m'tinjira timeneto thumba lili paphewa, malaya anga a ku tchalitchi atanyoweratu, mpaka mayi wina wogulitsa makala anatilozera.

A Nabanda, akulu awo a apongozi anga, atationa anaimba nthungululu. Anakumbatira mayi a Tadala, ananyamula Yankho, anamuyeza Tadala ndi dzanja kuti wakula bwanji. Ndisanatsegule pakamwa, ndinapezeka ndakhala pa sofa, nsapato zili pakhomo. Moni anayamba, mmodzimmodzi, kenako kufunsa za onse a ku Ludzi: amene akudwala, amene anakwatiwa, amene tinaika m'manda iwo osamva. Tili m'kati mwa maliro achitatu, kuseri kwa nyumba kunamveka kulira kumene ndinakuzindikira. Anali tambala uja.

Mayi a Tadala ananditsina. "Tsanzikani pompano," ananong'ona.

Ndinayesa. "Amayi, ife tinati tingosiya katunduyu. Anawa tikufuna tikawaonetseko malo ena."

"Aa! Bambo a Tadala, mwana wa mng'ono wanga achoke pakhomo pano ndi njala? Akamva ku Ludzi adzati chiyani? Ndiponso nkhuku yafa kale. Khalani, sizichedwa."

Nkhuku ikafera iwe, sunyamuka. Aliyense woleredwa bwino amadziwa zimenezo, ndipo ine ndinaleredwa bwino mopitirira muyeso. Magetsi anali atazima, choncho zonse zinali za pambaula. Tambala wachikuda amene wakhala akuthamangitsana ndi anzake mudzi wonse sapsa msanga. Tadala anakakhala pakhomo, miyendo ataitulutsa kunja, ndipo ankabwera pafupipafupi kudzandinong'oneza, "Adadi, nthawi ili bwanji?" Ine ndinkangoyankha kuti ikadalipo.

Tinadya itadutsa wani koloko, mpunga ndi nkhukuyo. Tadala anangonyambita msuzi poopa kukhuta. Ine, ndinene zoona, ndinadya, ndipo atandiikira chiwalo chachiwiri sindinakane. Nkhuku ija inakoma, ndipo ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti inandikomera. Titasamba m'manja a Nabanda anati tipemphere. Anapempherera ulendo wathu, mvula, odwala, boma, ndi ana a sukulu onse a m'dziko muno. Kenako anatiperekeza mpaka pa siteji, pa liwiro la mawondo awo, akuima pakhomo lililonse kutionetsa kwa anzawo.

Pamene tinkakwera takisi n'kuti hafu pasiti thu itakwana. Mayi a Tadala anati, "Nyamazo tizisiye. Tiyeni kumadzi."

Apa ndiye sindingaloze chala apongozi, kapena a Nabanda, kapena tambala. Yankho anayamba kulira kuti akufuna mkango. Malo a nyamawo anali m'njira yomweyo. Ndipo mwa ine muli kauphunzitsi kena kosafuna kudumpha mutu wa phunziro. Ndinati tingolowa mwachangu, zonse zitheka. Mayi a Tadala anangoyang'ana kumbali. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mwambi umenewu ndimauphunzitsa ndekha ku Sitandade 6.

Malowo ndi okongola, ndisaname. Ndi nkhalango yeniyeni pakati pa mzinda, ya mitengo italiitali ndi tinjira tosesedwa bwino, moti phokoso la magalimoto limamveka ngati lili kutali. Koma dzuwa la Okutobala linali litagonetsa chilichonse. Mtsikana wotiyendetsa anatiuza mosabisa, "Nthawi ino nyama zimagona, bambo. Mukanabwera m'mawa." Ng'ona inali gone m'mphepete mwa madzi ngati chipika. Nsato tinangoiona kachigawo ka mchira. Za mkango, tinaonetsedwa tchire n'kuuzidwa kuti tiyang'anitsitse. Amene anali maso ndi anyani okha. Yankho anawayang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa mokweza, "Adadi, amenewa si aja amaba chimanga kwa agogo? Awagwira?"

Mtsikana uja anaseka mpaka kugwira mpanda. Tadala anali akundikoka dzanja kulozera ku geti, ndipo ndinamuuza kuti adekhe, tatsala pang'ono.

Potuluka tinapeza msewu utadzaza. Kunali ukwati, magalimoto atamangidwa maliboni akuliza mahutala, ndipo takisi yathu inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Tili m'menemo ndinamva mayi a Tadala akuti, "Iwe, ukutani?" Nditacheuka ndinaona mwana akuvula diresi. M'kati anali atavala kale kachovala kosambira nako kapinki, kamene mayi ake anamugulira pa kaunjika. Anakavala yekha m'mamawa tisanadzuke, ndipo anakhala nako tsiku lonse m'kutentha konse kuja. Anati akuvuliratu kuti tikafika asataye nthawi.

Tinafika faifi koloko ili pafupi. Pa geti pankatuluka mabanja, ana tsitsi lili nyowe, maso ofiira, matawulo ali m'khosi. Tadala anatsika osavala nsapato n'kuthamangira pawindo la matikiti. Linali lotseka. Mlonda, bambo wachikulire wa yunifomu yotuwa, anabwera.

"Matikiti timasiya kugulitsa folo koloko, bwana. Panopa tikutulutsa anthu."

"Akulu, chonde. Tachokera ku Mchinji. Mwanayu angolowa kamodzi kokha, angotsetsereka n'kutuluka."

Anamuyang'ana Tadala, n'kundiyang'ana ine. "Ku Mchinji? Ndiye munanyamuka mochedwa?"

"Tinanyamuka m'mamawa."

Anati, "Pepani, bwana. Ndikatsegula, mawa ntchito ndilibe. Koma mwanayo abwere apa, pali poonekera."

Anamutengera pampanda wa waya pomwe maluwa anali atafota. Ndinaima pambuyo pake. Madzi anali abuluu, oyera moti pansi pankaoneka. Chotsetserekapo chachitali chokhotakhota chinali pomwepo, madzi akutsika nacho, ndipo kamnyamata kena kanatsetsereka komaliza kakukuwa, mayi ake akukakalipira kuti katuluke. Kenako wina anazimitsa injini. Madzi a pachotsetserekapo anachepa, n'kuyamba kudontha, n'kusiya. Tadala anagwira waya ndi dzanja limodzi, lina atagwira diresi lake. Ndinkayembekezera kuti alira, ndipo ndikanakonda akanalira, chifukwa mwana wolira umadziwa pomugwira. Sanalire. Anaonerera mpaka anyamata anayamba kusanja mipando, kenako anatembenukira kwa mayi ake n'kukweza manja kuti amuveke.

Ku depoti ndinagula tchipisi cha pachiwaya, ndipo Tadala anadya koyamba tsiku limenelo, anadya mwa njala yeniyeni. Minibasi yobwerera inanyamuka dzuwa likulowa. Yankho anagona tisanafike pa Njewa. Cha ku Msundwe ndinawerama n'kumuuza Tadala kuti, "Tidzabweranso, wamva?" Anagwedeza mutu akuyang'ana pawindo, monga mmene munthu amavomerera mlaliki wa m'basi.

Tinafika ku Ludzi kutada. Apongozi anali pakhonde pathu ndi tochi, akutidikira. Anafunsa za akulu awo, za mawondo awo, ngati mtedza unafika bwino. Atamva kuti tambala anaphedwa chifukwa cha ife anasangalala kwambiri. Kenako anaunika mdzukulu wawo.

"Nanga iwe Tadala, wasambira?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma mwana anandiyambirira.

"Eya, agogo. Madzi ake ndi abuluu, ozizira. Ndiye pali chotsetserekapo chachitali, chokhotakhota, umafika pansi khuvu! Poyamba ndimaopa, koma adadi anandigwira dzanja."

"Mwaona!" anatero apongozi, akuomba m'manja. "Zonse zatheka. Mulungu ngwabwino."

Tadala anapereka moni wa usiku kwa agogo ake atagwada bwinobwino, n'kulowa m'nyumba osandiyang'ana. Ine ndinatsala pakhonde, osatsutsa, osavomera.

Amene mukufuna kupita ndi ana kumalo amenewa, pitani, ndi abwino. Yambirani kumadzi, abale mukawaone pobwerera, ndipo akakwiya adzakhululuka, chifukwa akuluakulu ali ndi masiku ambiri oti muwakonzere. Ine ndinaopa kukhumudwitsa apongozi, ndinaopa a Nabanda, ndinaopa ngakhale misozi ya Yankho. Munthu yekhayo amene sindinamuope ndi amene ndinamulonjeza. Ndipo pofika madzulo anali ataphunzira kwa ine zimene sindinafune kumuphunzitsa: kumeza zako kuti akuluakulu agone mtima uli m'malo. Ku sukulu ndimalanga ana onama. Koma bodza la mwana wanga linali londiveka ine, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti m'bodzamo anandipatsa malo abwino, nditaima pambali pake, nditamugwira dzanja.