Zikho Zitatu za Mchenga

Tsiku londiperekeza ku chitengwa, amayi anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe nandiuza kuti, "Kumene ukupitako ulibe wako. Chinthu chikasweka, maso onse adzagwera iwe. Uzikhala ukudziwa." Ndinkayesa akungondiopseza. Lero ndakalamba, mano atha m'kamwa, koma mawu aja sanandinamizepo.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nkhondo ya Ajeremani isanayambe. Amuna anga anali atapita ku Halale, osatumiza ngakhale moni, nandisiya pamudzi pa makolo awo kunsi kwa phiri la Dedza. Ndinali ndi mwana wamkazi wongoyamba kumene kuyenda, dzina lake Ndaziona. Azungu a pamishoni ina yapafupi ankafuna kukoka madzi kuchokera pakasupe wa m'phiri kufika kunyumba ya odwala, koma mipope yachitsulo analibe. Anatuma kapitawo m'midzi kukafuna akazi odziwa kuumba. Ine kuumba ndinakula nako kwathu ku Lobi. Amene anandipereka ndi apongozi anga aakazi, aNangozo. "Pitani, muzitibweretsera mchere," anatero. "Mwana atsale kuno."

Woyang'anira ntchito anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Abulaza, wa ndevu zofiira ndi fodya, wolankhula Chinyanja chopindikapindika. Mkulu wa akazi oumbafe anali aNabanda.

Mpope suumbidwa ngati mphika. Mtapo, dothi loumbira, tinkakumba kudambo la kunsi kwa mishoni, kuuyanika, kuusinja ndi munsi, kuusefa, kuunyika, kenako kuuponda ndi mapazi mpaka ufewe. Ukatero umauyala pathabwa, n'kuukulunga pachipika chosalala chopaka phulusa. Msoko umalumikiza ndi chitsononkho chonyowa, n'kusalaza ndi kamwala kosalala kotchedwa nkhulungo. Mbali imodzi umakulitsa kukamwa kuti mpope unzake udzalowemo. Chipika umachisolola dothi litayamba kugwira koma lisanaume, ukachedwa chimakanirira. Aliyense ankadinda chizindikiro chake pakamwa pa mpope. Changa chinali mizere iwiri ya chikhadabo, cha aNabanda kabowo ka bango. Kuyanika kwake n'kwa pamthunzi, m'chisakasa, chifukwa mphepo ya kuno imang'amba dothi laliwisi.

Uvuni woyamba utatsekulidwa, mipope pafupifupi yonse inatuluka yong'aluka.

Inu a masiku ano mwina simudziwa. Woumba amayenera kukhala wozizira. Kuyambira tsiku lokumba mtapo mpaka tsiku lootcha, sagona mphasa imodzi ndi mwamuna. Zoumba zikasweka pamoto, anthu amati wina mwa oumbawo ndi wotentha. ANabanda sanachedwe. "Ife amuna athu tili nawo, mwambo akuudziwa, akugona pamphasa ina," anatero akutola mapale. "Nanga amene amuna awo ali ku Halale, akuwasunga ndani?" Dzina langa sanatchule. Kutchulanso kuti chiyani?

Mawuwo anafika kumudzi ine ndisanafike. Apongozi anandidikira pakhonde, Ndaziona ali pamiyendo pawo. "Tamva, aNachisale. Uvuni wina ukatuluka chomwecho, mubwerere kwanu ku Lobi. Koma ng'ombe tinapereka. Mwana ndi wa pano."

M'mawa mwake ndinapeza chipika changa chili kunja kwa chisakasa, pamame. Sindinafunse amene anachiponya. Abulaza anandipatsa malo anga ndekha kuseri, pansi pa mtengo wa msuku, ndipo anandimangira kachisakasa ka tsekera. Kumeneko ndinkaumba, kumeneko ndinkadya mbatata yanga, ndikumva anzanga akuseka mbali inayo. Tsiku linkatha osatsekula pakamwa. Pobwerera kumudzi iwo ankatsogola, ine m'mbuyo ndi nkhuni zanga.

Abulaza nkhani ya kutentha anaimva kwa kapitawo. Sanaseke, sanakalipe. Anabwera ndi dengu ndi chikho nati, "Dothi ili ndi lonona kwambiri, likufuna mchenga. Koma wochuluka bwanji, ine sindidziwa." Mzungu kunena kuti sadziwa, ndinayesa ndi msampha. Anandiuza kuti ndiumbe timipope tating'ono ta mitundu iwiri: tina ta dothi lopanda mchenga, tina tothira zikho zisanu ndi zitatu padengu limodzi la mtapo. "Mitundu yonse iwiri ilakwika," anatero. "Ndikufuna ilakwike." Mumtima ndinati, munthu uyu akufuna kundimaliza.

Tinaotcha padzenje laling'ono. Topanda mchenga tinang'aluka. Ta mchenga wambiri sitinang'aluke, koma ukathiramo madzi tinkatuluka thukuta, ukatigogoda tinkayoyoka. Abulaza anajambula mzere pansi ndi ndodo, naika mwala uku woimira dothi lopanda mchenga, mwala wina uko woimira zikho zisanu ndi zitatu. "Muyeso weniweni uli pakati pa miyala iwiriyi. Sitikuuona, koma tautsekera m'khola. Tsopano tichepetse kholalo." Anazika ndodo pakati penipeni. "Yesani zinayi." Anati kwawo akatswiri a masamu amatero akakumana ndi nambala imene sangaipeze mwachindunji. Amaifinya mbali zonse ziwiri, pang'onopang'ono, mpaka chotsala chikhale chosapweteka munthu.

Anzanga aja anangoona tong'aluka. ANabanda anatola phale limodzi n'kulimanga pansalu kukaonetsa kumudzi. Palibe anafunsa kuti nanga manja omwewo, moto womwewo, tina tinapulumuka bwanji.

Ta zikho zinayi tinatulukabe thukuta, koma pang'ono. Abulaza anasendeza mwala umodzi. Ta zikho ziwiri tinatuluka ndi ming'alu yopyapyala ngati tsitsi. Anasendeza mwala winawo. Miyala ija inayandikana, koma kuyesa kulikonse kunkadya masabata, pakuti dothi suliumiriza kuuma. Masuku anayamba kugwera pakachisakasa kanga, mitambo n'kumasonkhana cha ku Chongoni. Mvula ikayamba palibe kuyanika, palibe kuotcha. Nthawi yotsala inali yongokwanira kuumba kamodzi, uvuni waukulu basi.

"Zikho zitatu, akazi nonse," anatero Abulaza. "Kuyesanso sikutheka."

Ndinalimba mtima. "Nanga zitatuzo ndiye zenizeni?"

"Sindinganene choncho, mayi. Koma tikalakwa, sitilakwa kuposa chikho chimodzi."

"Chikho chimodzi kwa inu ndi mchenga. Kwa ine ndi mwana."

Pa chinthu chimodzi chimenechi Abulaza ndimamulemekeza mpaka lero: sanandilonjeze kanthu.

Chikho chilichonse ndinkachiyeza ndekha, n'kupala pamwamba ndi bango kuti chisasefukire. Poweruka ndinkasalaza mulu wa dothi langa, kujambulapo timizere, n'kuphimba ndi minga, kuti wina akagwirapo ndidziwe. Palibe anagwirapo, kapena anaona minga ija n'kuleka.

Tsiku lotsekula uvuni, apongozi anabwera osaitanidwa, atabereka Ndaziona, ndodo m'manja. Anakhala pamwala moyang'anana ndi khomo la uvuni. Amuna anagumula matope a pakhomo, n'kuyamba kutulutsa mipope umodziumodzi. Mpope wabwino ukaugogoda umalira ngati belu, wong'aluka umayankha mogontha. Kapitawo ankagogoda ndi mpeni, apongozi n'kubwereza ndi ndodo yawo. Woyamba unalira. Wachiwiri unalira. Ndaziona anandiona natambasula manja, agogo ake n'kumubweza kumsana. Ine ndinaima ndekha pambali.

Atafika pa mipope ya pafupi ndi pokolezera moto, umodzi unayankha mogontha. Apongozi anautembenuza ndi ndodo. Mizere iwiri ya chikhadabo. Apongozi anaimirira n'kuyamba kumangitsa nsalu yoberekera, ngati munthu wokonzeka ulendo. Ndinkayang'ana timapazi ta mwana wanga tikulendewera m'chiuno mwawo, ndikuganiza njira ya ku Lobi, mapiri onse aja, ndilibe kanthu kumsana.

"Tulutsani yonse," anatero Abulaza. "Mpope umodzi sutiuza kanthu."

Wotsatira unayankhanso mogontha. Kapitawo anaupukuta phulusa ndi chala. Kabowo ka bango. Wina pambuyo pake, kabowonso ka bango. Kapitawo uja anali munthu wa nthabwala. "Kodi aNabanda, bambo a kunyumba anasamuka liti pamphasa ina ija?" Akazi ena anabisa nkhope m'nsalu.

"Mbali iyo moto unachuluka," anatero aNabanda. "Aliyense akuona."

Ndipo zinali zoona, moto unachulukadi mbali imeneyo. Koma zoona zimenezi zinapezeka pokhapokha ming'alu itafika pa iwo.

Yotsala yonse inalira. Kapitawo anatseka umodzi kunsi ndi chiguduli, kuuimika, kuudzaza madzi. Tinadikira. Kunja kwake kunakhala kouma. Apongozi anamasula nsalu, natsitsa Ndaziona pansi. "Akulemera mwanayu. Tengani." Kupepesa kwawo kunathera pomwepo. ANabanda ndiye sanayese n'komwe.

Madzi anafika kunyumba ya odwala mvula isanakhazikike. Pambuyo pake ndinafunsa Abulaza ngati tiyesenso pakati pa zitatu ndi zinayi, kuti tipeze muyeso weniweni uja. Anati, "Madzi sakudandaula. Tilekere pomwepa." Choncho muyeso weniweni wa dothi la dambo lija sindikuudziwa mpaka lero, ndipo iyenso anabwerera kwawo osaudziwa.

Chimene ndinatenga pantchito ija ndi miyala iwiri ija. Mtima wa munthu sindinaupezepo muyeso wake. Ndimangoika mwala pa choipa chachikulu chimene anandichitira, wina pa chabwino chachikulu, ndi kudziwa kuti mwiniwake ali penapake pakati. Miyalayo ndimasendeza pang'onopang'ono, ndikaona ndi maso. Patapita zaka ndinadwala chifuwa, aNabanda anandibweretsera phala. Ndinasendeza mwala wawo pang'ono. Koma phalalo anayamba kulawa ndi galu.

Amuna anga sanabwerere. Ndaziona anakula, anakwatiwa, natsatira amuna ake ku Halale komweko. Ine ndikukhala ndekha m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, nyumba yomaliza musanalowe m'mitengo. Simungasochere, pakhomo pali mpope wong'aluka wa mizere iwiri, ndimamwetseramo nkhuku. Mukamapita kunkhuni n'kuona kuti padenga sipakutuluka utsi, mupatuke. Muodire muli chapatali, mutchule dzina lanu ndi la amayi anu. Ndikachedwa kutsekula musachoke, ndimakhala ndikukusuzumirani pakabowo. Koma ndikapanda kuyankha konse, kankhani chitseko.